Ana Anga Olemba Mapulogalamu, Kumbukirani Mwini Chala

Ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta ili ndi chilema chimene ntchito zina zamanja zilibe. Telala amamuona mwini suti, amamuyeza mapewa ndi m'chiuno, ndipo ikathina madandaulo amawamva maso ndi maso. Ife munthu amene adzagwiritse ntchito zimene talemba sitimuona. Tikamalemba iye kulibe, ndipo iye akamavutika nazo ife tili kwina, mwina tili m'tulo, mwina tinasiya kalekale ntchito pakampanipo. Ndiye poti sitimuona, timangoyeza pathupi pathu n'kumati aliyense zimukwana. Zolakwika zambiri zimene ndaona pa ntchito imeneyi gwero lake ndi limeneli, osati kuchepa nzeru ayi. Nzeru muli nazo, ana anga, kuposa zimene ife tinali nazo pa msinkhu wanuwo. Amene ndikufuna tikambirane ndi mwini chala, munthu uja adzadine batani lanu.

Tamuganizirani kaye. Inu mumalemba muli pa laputopu yamphamvu, sikirini yotakata, intaneti ya muofesi yosawerengera. Iye ali ndi foni yogula kwa mnzake, galasi lake long'aluka pakona, batire lotchajitsa pa golosale, ndi bandulo yogula ndi ndalama imene akanagulira ndiwo. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, kumene netiweki imabwera ndi kupita mmene yafunira. Ndipo si kwathu kuno kokha. Mlimi wa ku India, wogulitsa pamsika ku Brazil, ngakhale nkhalamba ya ku Britain yokakamira foni yake yakale, onsewa ali m'gulu limodzi. Ambiri ndi amenewa. Inu a malaputopu ndinu ochepa.

Tiyambe ndi kulemera kwa masamba a pa intaneti. Mu 2016 oyeza masamba anaona kuti tsamba wamba lafika pa 2.3 MB, kukula kolingana ndi gemu ya Doom imene inatuluka mu 1993, yokhala ndi zipinda zake, zilombo zake ndi phokoso lake. Tsamba limodzi! Kuyambira pamenepo masamba sanaonde, akungonenepera. Mukalisegula m'mimba tsamba lotere mupezamo chiyani? Zithunzi zoikidwa osazichepetsa, zilembo zokongoletsa zamitundu isanu, kanema woyamba yekha munthu asanam'pemphe, ndi JavaScript wa otsatsa malonda amene ntchito yake n'kuzonda mlendo wanu kuti adziwe kumene wachokera ndi kumene akupita. Chonsecho munthuyo wabwera kudzaona zotsatira za mayeso a mwana wake, kapena nthawi imene ofesi imatsegulidwa, mawu osakwana mizere khumi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa zonsezi JavaScript ndiye amalipiritsa kawiri, ndipo ambiri a inu izi simuziona chifukwa makina anu amabisa. Chithunzi chikafika pafoni chimangoonetsedwa. JavaScript akafika, foni iyenera kumuwerenga, kumumasulira ndi kumuyendetsa, ndipo ikutero batani lililonse limakhala gwa, silimva chala. Zimene laputopu yanu imamaliza musanaphethire, foni yotchipa imalimbana nazo mpaka kutentha. Munthu walipira ndi bandulo, walipiranso ndi batire, kenako akudina batani losayankha n'kumadziimba mlandu kuti mwina ndi iyeyo sadziwa foni.

Tim Berners-Lee analemba ganizo la webu mu 1989 ali ku CERN, kufupi ndi Geneva, ndipo tsamba lake loyamba linaonekera kwa anthu mu 1991. Ndi mawu okhaokha ndi malinki, lopanda chokongoletsa chilichonse. Tsamba limenelo likadatsegukabe lero, pa foni iliyonse yokhala ndi browser. Tsono funsani za mawebusaiti onyezimira a zaka za m'ma 2000 amene anamangidwa ndi Flash, aja tinkachita nawo kaso zinthu zikuuluka pasikirini. Steve Jobs anakana Flash pa iPhone, Adobe inaisiya pa 31 Disembala 2020, ndipo ambiri mwa mawebusaiti amenewo lero ndi bwinja. HTML yosalira zambiri ija ndiyo yakhalitsa.

Musaganize kuti kupepukitsa tsamba ndi nzeru ya amphawi. Boma la Britain, limene silisowa ndalama zogulira maseva, lili ndi lamulo pa webusaiti yake ya GOV.UK lakuti tsamba liyambe lagwira ntchito ndi HTML yokha, zina zonse zibwere pamwamba ngati zowonjezera. Mu 2013 anayeza n'kupeza kuti mlendo mmodzi mwa 93 alionse JavaScript samufika, ndipo ambiri mwa amenewa sanachite kumuzimitsa okha. Netiweki inaduka pakati, kapena china chake panjira chinamutsekereza. Mu 2022 anachotsa jQuery pamasamba awo, pafupifupi 32 KB basi, atawerengera kuti kwa munthu wa foni yofooka ndi netiweki yokwawa kachidutswa kameneko n'katundu. Ngati a ku London akuwerengera 32 KB, inu amene mlendo wanu ali ku Nsanje kapena ku Chitipa mukudzikhululukira bwanji ndi 3 MB?

Pali chinthu chimene achinyamata mumachinyoza, chimene ine ndimachivulira chipewa: USSD, timanambala tija toyamba ndi nyenyezi. Ilibe chithunzi, ilibe mtundu, uthenga wake supitirira zilembo 182. Koma ndi imene yanyamula ndalama za anthu wamba. Safaricom itayambitsa M-Pesa ku Kenya mu 2007 sinadikire kuti anthu agule mafoni apamwamba, inagwiritsa ntchito menyu ya mawu okhaokha pa mafoni a mabatani amene anali kale m'matumba mwawo. Kwathu kuno Airtel Money ndi Mpamba zinatsata njira yofanana, ndipo lero mayi wogulitsa tomato amatumiza fizi ya mwana ndi foni imene inu simungaitole n'komwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amene anakonza zimenezi anamangira pa chimene munthu ali nacho m'manja, osati chimene tikulakalaka atakhala nacho.

Mukapatsidwa menyu yotere kuti muisamale, pali chimodzi choti mudziwe. Anthu saiwerenga. Anaiwerenga masiku oyamba, tsopano ili m'zala. Taimani pafupi ndi ajenti pamsika muone mmene amadinira, maso ali kwa kasitomala, chala chikuyenda chokha. Inu mukadzuka tsiku lina n'kulowetsa chinthu chatsopano pa nambala 2, zonse zapansi n'kusuntha, mwasokoneza zala za anthu miyandamiyanda amene sanakulakwireni. Chatsopano chiikeni kumapeto. Chimodzimodzi pa app, batani limene anthu analizolowera kumanja musalisamutsire kumanzere chifukwa choti mwatopa kuliona pamenepo. Kutopa kwanu si chifukwa. Inu mumaliona tsiku lonse, iye amaliona kamodzi pamwezi, tsiku lolipira, ali pamzere, kumbuyo kwake anthu akung'ung'udza.

Chitsanzo chabwino sitichita kukachifuna kutali. Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe chimene lero timati Kamuzu Central, gulu la Baobab Health motsogozedwa ndi Gerry Douglas linayamba kuika makompyuta olembera odwala. Anaona kuti ogwira ntchito ambiri sanazolowere kiyibodi ndi mouse, mzere wa odwala ndi wautali, ndipo magetsi ndi osadalirika. Sananene kuti anthuwa apite kaye kukaphunzira kutayipa. Anaika masikirini odina ndi chala, mabatani akuluakulu, mafunso obwera limodzilimodzi, makina osadya magetsi ambiri otha kuyendera mabatire, ndi kapepala ka barcode komata pa buku la kuchipatala la wodwala kuti akabweranso asayambirenso kufunsidwa dzina. Imeneyo inali nthawi iPhone isanabadwe. Nzeru yotere sinachokere m'buku la mafashoni a mapulogalamu, inachokera poima m'chipatala n'kuyang'ana mmene anthu akugwirira ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano za mafomu, pamene pamagona mwano wathu wambiri. Fomu imafunsa dzina, munthu n'kulemba Ng'oma kapena Ng'ambi, iyo n'kumuuza kuti dzina lake ndi lolakwika. Dzina la makolo ake! Cholakwika si dzinalo, ndi mnyamata amene anakopera lamulo loyeza mayina kuchokera kwa anthu amene sanamvepo za ng'ombe ngakhale Amang'anja. Choopsa china n'chakuti pulogalamu imene imagwa ikaona kachizindikiro ka pakati pa g ndi o mu Ng'oma kawirikawiri imakhala ikusakaniza mawu a mlendo ndi malamulo opita ku database, ndipo khomo limenelo ndi lomwe mbava zimalowera pa njira yotchedwa SQL injection. Mankhwala ake si kuletsa mayina a anthu, ndi kulemba ma query moyenera, mawu a mlendo adutse paokha. Chilembo cha ŵ nachonso chili mu Unicode, ndipo UTF-8 yakhalapo kuyambira 1992. Pulogalamu yosandutsa chilembo chimenechi kukhala kabokosi kapena funso ilibe podzikanira.

Adiresi ndiye musanene. Fomu ikufuna nambala ya nyumba, dzina la msewu ndi postcode, zonse zokakamiza, kwa munthu amene kwawo amakulongosola ndi mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, kapena kuti kuseri kwa chigayo mukadutsa mjigo. Ikufuna imelo kwa munthu amene moyo wake wonse wa pa intaneti uli pa nambala ya foni ndi WhatsApp. Munthu wotere sabwerera, amalemba bodza kuti fomu imulole kudutsa, ndipo pakutha pa chaka bwana wanu ali ndi database yodzaza ndi misewu yopeka. Funso lililonse limene mwaika pa fomu mudzifunse kuti yankho lake mudzachita nalo chiyani. Ngati palibe, lichotseni. Ndipo netiweki ikaduka munthu ali pa funso lomaliza, musamufufutire zonse zimene walemba. Ameneyo ndi mwano woposa wonse, ndipo kuupewa ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Mauthenga a zolakwika nawonso alembedwe ngati mukulankhula ndi munthu. Nambala ya error ndi yanu, isungeni mu log. Iye muuzeni zitatu: chachitika n'chiyani, ndalama yake ili kuti, achite chiyani tsopano. Mukamasulira m'Chichewa, musakhale nokha muofesi ndi dikishonale n'kumapeka mawu amene ngakhale amayi anu sangawamve. Kawerengereni anthu enieni, muone nkhope zawo. Safunsa adadya phula.

Pali mabatani ena amene sayenera kufanana ndi anzawo. Pa 13 Januwale 2018, m'mawa wa Loweruka, mafoni a anthu ku Hawaii analira ndi uthenga wa boma wakuti mzinga ukubwera, aliyense abisale, ndipo si zoyeserera. Makolo anabisa ana, ena anaimbira abale kutsanzika. Kunalibe mzinga. Ofufuza anapeza kuti wogwira ntchito wina sanamvetse kuti anali mayeso chabe. Komatu anapezanso kuti pulogalamuyo inkaoneka chimodzimodzi potumiza uthenga woyeserera ndi weniweni, funso lotsimikizira linali lomwelo, panalibe munthu wachiwiri wovomereza, ndipo panalibe uthenga wokonzeratu wobweza mawu. Panapita mphindi 38 anthu asanalandire pafoni uthenga wakuti linali bodza. Munthu kulakwitsa n'chibadwa, ndipo amene amalemba pulogalamu ngati kuti wogwiritsa ntchito sadzalakwitsa ndiye wolakwa woyamba. Akuluakulu adati madzi akatayika sawoleka, ndiye ntchito yanu ndi kuona kuti ndi madzi ati angatayike. Chimene chingabwezedwe, lolani chibwezedwe mosavuta, musatopetse munthu ndi mafunso. Chimene sichingabwezedwe chioneke mosiyana, ndipo chinene poyera zimene zichitike. N'chifukwa chake ndimayamikira njira yoonetsa dzina la wolandira ndalama munthu asanalowetse nambala yake yachinsinsi. Mzere umodzi umenewo wapulumutsa ndalama zambiri kuposa zokongoletsa zonse zimene tinapangapo.

Nkhani imene ndikufuna muisunge mumtima ndi ya ku Britain. Kuyambira 1999, Post Office ya kumeneko inaika m'nthambi zake pulogalamu yowerengera ndalama yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi kampani ya Fujitsu. Nthambi zambiri zinkayendetsedwa ndi anthu wamba, eni timasitolo ta m'midzi, amene pangano lawo linkati ndalama zikasowa alipire okha. Horizon inayamba kuonetsa kuti ndalama zasowa pamene sizinasowe. Chimodzi mwa zolakwika zake chinadziwika ndi dzina la mudzi wa Dalmellington ku Scotland. Munthu akamatsimikiza kuti walandira ndalama, sikirini inkauma, ndipo iye poona kuti sizikuyenda ankadinanso. Kudina kulikonse pulogalamu inkakulemba mwakachetechete ngati ndalama zina zalandiridwa. Panthambi imeneyo panaoneka kusiyana kwa mapaundi 24,000 amene sanakhalepo n'kale lonse.

Taonani kuchepa kwa cholakwikacho. Ndani mwa ife sadinanso batani likapanda kuyankha? Pa netiweki yathuyi ndiye aliyense amadina kawiri, katatu. Wolemba pulogalamu ya ndalama ayenera kudziwa kuti pempho limodzi likhoza kufika kangapo, alipatse nambala yakeyake, ndipo seva ikaona nambala imene yaiona kale isachitenso kachiwiri. Izi si zapamwamba, ndi maziko.

Koma chimene chinawononga anthu ku Britain si cholakwikacho pachokha. Ndi chikhulupiriro chakuti kompyuta sinama. Oyendetsa nthambi akaimba foni kudandaula, ambiri ankauzidwa kuti vutolo lili kwa iwo okha. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 anapezeka olakwa pa milandu ya kuba ndi chinyengo. Ena anapita kundende, ena anagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zimene sanabe, mabanja anatha, ndipo ena anadzipha. Zinatengera Alan Bates, amene naye analandidwa nthambi yake, kusonkhanitsa gulu la anthu 555 n'kukasuma, kuti mu 2019 khoti lalikulu ligamule kuti Horizon inali ndi zolakwika zambiri. Kunadziwikanso kuti ogwira ntchito ku Fujitsu ankatha kulowa m'maakaunti a nthambi ali kutali n'kusintha manambala, chinthu chimene kwa zaka zambiri chinkakanidwa. Mu 2024 nyumba ya malamulo inachita kukhazikitsa lamulo lofafaniza milanduyo. Mlandu suwola, koma ena chilungamo chinawapeza ali m'manda.

M'kati mwa nkhani imeneyi munali anthu a ntchito yathu. Zolakwika zinkalembedwa m'kaundula wa kampani, akatswiri ankazidziwa, pamene kunja anthu ankaweruzidwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lero ena a inu mukulemba mapulogalamu a mabanki, a magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, a malipiro a antchito, a sitoko ya mankhwala. Tsiku lina kalaliki kapena ajenti adzaitanidwa kuti afotokoze za ndalama zimene pulogalamu yanu ikuti zasowa, ndipo bwana adzakhulupirira sikirini kuposa munthu amene wagwira naye ntchito zaka khumi. Muisiyire pulogalamu yanu mapazi: chilichonse chosintha ndalama chilembedwe, wachita ndani, nthawi yanji, zinali bwanji kale. Wogwiritsa ntchito athe kuona ndi kusindikiza mbiri ya zimene iye wachita, kuti akhale ndi podzitetezera. Ndipo mukadziwa kuti muli bug imene ingapachike munthu wosalakwa, nenani, mulembe, ngakhale bwana akwiye. Ntchito ina mudzaipeza.

Ndinene pang'ono za code yobwereka. Palibe amene amalemba zonse yekha, mutu umodzi susenza denga, ndipo mapulogalamu aulere a open source ndi mphatso yaikulu imene ntchito yathu inalandirapo. Koma kubwereka kwafika pa uchidakwa. Mu Malichi 2016 Azer Koçulu, atakangana ndi a npm pa nkhani ya dzina la package yake ina, anachotsa ma package ake onse. Pakati pawo panali left-pad, mizere 11 yokha, yongowonjezera mipata kumanzere kwa mawu. Mapulojekiti zikwizikwi, kuphatikizapo odalira Babel ndi React, analephera kumangika tsiku limenelo, ambiri eni ake osadziwa n'komwe kuti amadalira kanthu kameneka. Mu Malichi 2024 kunadziwika choopsa kuposa apa. Munthu wodzitcha Jia Tan anakhala zaka pafupifupi ziwiri akuthandiza pa xz, kapulogalamu kopanikiza mafayilo kamene kali m'makompyuta ambiri a Linux, kamene Lasse Collin ankakasamala pafupifupi yekha mongodzipereka. Atakhulupiriridwa, anabisamo khomo lakuseri lolowera m'maseva. Amene anatulukira khomolo ndi Andres Freund, katswiri wa ku Microsoft, amene anadabwa kuti kulowa pa SSH kukuchedwa ndi theka la sekondi ndipo sanalole kuti zingodutsa. Theka la sekondi! Galu wamkota sakandira pachabe. Inu mukamalemba npm install, dziwani kuti mukulowetsa alendo mazanamazana m'ntchito imene dzina losainira ndi lanu. Chimene mungalembe nokha m'mizere khumi, lembani.

Za ma framework sinditaya nthawi, chifukwa mkangano wake sutha ndipo ndaona mafumu ambiri akulongedwa ndi kuchotsedwa. AngularJS imene Google inatulutsa mu 2010 inali yoti aliyense aphunzire. Angular 2 itabwera mu 2016 inali chinthu china, ndipo amene anamangira pa yoyambayo anayenera kulembanso. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Sindikuti musaphunzire React kapena china chilichonse chimene olemba ntchito akufuna, m'mimba simuseka. Koma dziwani HTML, CSS, HTTP ndi SQL mozama, poti zimenezi zaona ma framework ambiri akubadwa ndi kufa. Ndipo posankha chida cha pulojekiti ya sukulu kapena ya khonsolo, funsani kuti inu mukadzachoka adzaisamale ndani, ndi ndalama ziti. Kusankha chida kuti CV yanu ikongole, eni ake n'kutsala ndi chinthu chimene palibe angachikonze, ndi kudyera anthu masuku pamutu.

Makina a AI olemba code ndawaona, ndipo ndi achangu zedi. Agwiritseni ntchito. Koma anaphunzira ku code ya dziko lonse, imene yambiri inalembedwera anthu a mayina opanda kachizindikiro kaja, a postcode, a intaneti yosaduka. Mukapanda kuwauza za mlendo wanu adzakupatsani fomu yomwe ija yokana a Ng'oma. Mzere umene simungathe kuufotokoza musautumize ku seva, chifukwa usiku umene zidzasokonekere adzaimbira inu, osati makinawo.

Kulinso uchimo wochita dala. Harry Brignull anaupatsa dzina lakuti dark patterns mu 2010: batani lovomera lalikulu lowala, lokana laling'ono lotuwa, kabokosi kochongeratu kolembetsa munthu zimene sanapemphe, kulowa kwa kudina kamodzi, kutuluka kwa masamba asanu. Mu Disembala 2022 bungwe la FTC ku America linagwirizana ndi kampani ya Epic Games kuti ibweze madola 245 miliyoni kwa osewera Fortnite, chifukwa mabatani ake ankagulitsa anthu zinthu mwangozi, ana omwe. Kwathu kuno aliyense akudziwa wina amene mayunitsi ake ankatha tsiku ndi tsiku ndi mauthenga amene sakumbuka kuti anawavomera liti. Mabatani otere sadzilemba okha, pamakhala mwana wa munthu amene anakhala pansi n'kuwakonza, akudziwa. Bwana adzakuuzani kuti ndi njira yokwezera malonda. Kutenga ndalama ya munthu chifukwa sanaone bwino kapena sadziwa Chingerezi ndi kuba, ngakhale wakubayo atavala tayi.

Mwina mukuti zonsezi zimafuna ndalama ndi nthawi zimene mulibe. Zina inde, koma chachikulu n'chotchipa. Jakob Nielsen analemba mu 2000 kuti kuyesa pulogalamu ndi anthu asanu okha kumavumbula ambiri mwa mavuto ake a kagwiritsidwe ntchito. Anthu asanu muwapeza pa depoti ya basi. Gulani foni ya Android yotchipitsitsa imene ili pamsika, muikemo bandulo yaing'ono, muzimitse Wi-Fi. Mum'patse munthu wosakudziwani, mumuuze chimene akufunika kuchita, kenako mutseke pakamwa, manja m'thumba. Mudzafuna kumulozera batani, musatero. Pamene waima n'kukwinya nkhope, lembani, chifukwa pamenepo ndi pamene pali ntchito yanu ya mawa. Ndipo akalephera musanene kuti ndi wosaphunzira. Munthu yemweyo amatumiza ndalama pafoni tsiku lililonse popanda womuthandiza.

Mawu omaliza apite kwa inu akuluakulu a m'maofesi a boma, m'mabanki ndi m'mabungwe, amene mumalamula mapulogalamuwa ndi kusainira macheke. Anyamatawa amakuonetsani ntchito yawo pa sikirini yaikulu m'chipinda cha misonkhano, intaneti ili bwinobwino, inu n'kuomba m'manja. Lembani m'pangano kulemera kumene tsamba lisapitirire, mtundu wa foni imene liyenera kutsegukapo, ndi amene adzasunge code ntchito ikatha. Musasaine kuti ntchito yatheka musanaione ikuyenda pa foni ya mlonda wa pageti panu, iye mwini akudina.